Mutu 6: Malaya Obisa Chigongono

1. Wantchito wogwada

Tandiuzani, inu amene mumadya mabuku kusukulu. Ndili ndi wantchito wanga wosadandaula. Podya amagwada, pokanda msana amagwada, popesa tsitsi amagwadanso, ndipo palibe amamudzudzula. Koma pali bwalo limodzi pamene akangogwada n'kudzuka, mwini wake amabwerera kunyumba akulira. Ndani ameneyo?

Mwati bondo? Bondo limapesa tsitsi kwanuko? Musavutike, ndi chigongono. Bwalolo ndi la kiriketi, ndipo amene analira ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amene anzake ankamutcha Mphezi.

Pa kiriketi, mmodzi amaponya mpira wolimba ngati mwala kuti agwetse timitengo titatu, wina ataima kutsogolo kwa timitengoto ndi thabwa kuti aumenye. Lamulo la woponya ndi limodzi. Mkono uzungulire wonse uli chiwongokere, ngati sipoko ya njinga. Ukaupinda n'kuuwongola potulutsa mpira, kumeneko si kuponya, ndi kugenda. Kugenda kumathamangitsa mpira, n'chifukwa chake n'koletsedwa.

Kale masewerawa ankatha masiku asanu, osewera n'kumapuma kuti amwe tiyi, mapeto ake osapezeka wopambana. Masiku ano kunabwera kiriketi yaifupi. Maola atatu basi, nyimbo zikulira, anthu akuvina. Maligi ake ali mbali zonse za dziko lapansi. Ya kudziko lotentha ikatha, ya kudziko lozizira imayamba, ndipo osewera amangokhalira chikwama m'manja, mwezi uno malaya ofiira, mwezi wamawa obiriwira. Atsikana nawo ali ndi maligi awo.

Tsiku lina pachitseko cha chipinda chosinthira zovala panamatidwa pepala. Ofufuza osewera a ligi ina ya kunja ankabwera pakatha milungu itatu. Wosankhidwa dzina lake likalowa pamndandanda umene matimu amatolapo osewera.

2. A Chala ndi mpaipi wawo

Mphunzitsi wa timu ya atsikana anali mkulu wina wowonda, tsitsi lonse mbuu. Ankatchedwa a Chala chifukwa anayimbira kiriketi zaka makumi atatu, ndipo woyimbira akafuna kutulutsa womenya amangokweza chala chimodzi. Chala chawocho chinaliza amuna a ndevu zawo.

Ndiwo anamutola Mphezi ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, akugenda galu kuseri kwa mpanda wa bwalo. Galuyo anali patali ndithu, koma mwala unamupeza.

"Galu wakulakwira chiyani?" anatero a Chala. "Bwera udzagwetse timitengo. Ito sitilira."

Bambo ake a Mphezi anali atamwalira chaka chomwecho. A Chala ndiwo anamuphunzitsa zonse, ngakhale kumanga zingwe za nsapato kuti zisamasuke pothamanga. Mkono wake anauwongola bwinobwino. Koma chaka chino, mtsikanayo atayamba kusirira liwiro la akatswiri a pa kanema, chigongono chinakumbukira agalu.

Mankhwala a a Chala anali chidutswa cha mpaipi wa madzi chimene anachiyala sokosi yakale m'kati. Mphezi ankalowetsamo mkono, n'kuima mapazi atatu kuchokera pakhoma, n'kumaponya pang'onopang'ono mpaka phewa kuchita dzanzi.

Tsiku la pepalalo Mphezi anafika akuthamanga.

"Aphunzitsi, mwaona? Milungu itatu basi."

"Ndaona. Ndamata ndine. Khala pansi apa."

Anakhala pa benchi, ndipo a Chala anavula chipewa.

"Mwana wanga, chaka chino usapite. Mawuwa ndi owawa, ndikudziwa, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Mkono ngati wakowu sindinauonepo pabwalo lino. Koma pa mipira isanu ndi umodzi iliyonse, iwiri ija yothamanga kwambiri, ukugenda. Oyimbira a pano amaona. Ena amakumvera chisoni poti ndiwe wamasiye, ena amachita manyazi ndi ine. Anthu akubwerawo sakudziwa kuti ndiwe wamasiye. Akubwera ndi makamera oona ngakhale ntchentche ikuphethira. Akakugwira sangokubweza ayi. Amalemba dzina lako, ndipo maligi onsewa amauzana nkhani ngati amayi pampopi. Udzaletsedwa kuponya ngakhale pabwalo lathu lomwe lino. Ndipatse miyezi isanu ndi umodzi. Liwiro litsika kaye, anzako akuseka, iwe undida. Koma chaka chamawa upita ndi mkono woti ungauonetse aliyense dzuwa likuswa mtengo."

"Nanga chaka chamawa akapanda kubwera?"

"Udzakhala ndi mkono wabwino uli kwanu. N'zochepa zimenezo?"

Mphezi anadzuka pa benchi. Anavala mpaipi, koma khoma linamva mkwiyo wake tsiku limenelo.

3. Amalume a Pasipoti

Mayi ake a Mphezi anali telala. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, muli makina awiri, galasi losweka pakona ndi chidole chopanda mutu choyezerapo madiresi. Kuseri kwa katani kunkagona achimwene awo, amalume ake a Mphezi, amene anabwera kudzacheza sabata imodzi zaka zinayi zapitazo.

Anthu ankawatcha a Pasipoti, chifukwa m'thumba la malaya awo simunkasowa pasipoti, itasuzumira pang'ono kuti anthu aipatse moni. Palibe anaionapo m'kati. Iwo ankati anasewera kiriketi m'mayiko asanu ndi anayi. Akakhuta ankati khumi ndi awiri.

"Kankhalamba kako kaja kati chiyani?" anafunsa a Pasipoti, Mphezi atangolowa.

Mphezi anafotokoza zonse.

"Mpaipi? Ndiwe madzi iwe?" A Pasipoti anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatsitsa mawu kuti asapitirire phokoso la makina. "Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ine ndadya mbale imodzi ndi eni maligi amenewa. Kiriketi yaifupi safuna ulemu, amafuna liwiro. Mpira uzichita fyuu, timitengo tiziuluka. Chigongono ndani amachiyang'ana? Ndipo akatswiri onse a chigongono chokayikitsa mankhwala awo ndi amodzi. Malaya a manja aatali, otakasuka, omanga batani padzanja. Nsalu ikamakupiza, woyimbira amangoona mbendera."

Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Mlongo, tamsokera mwanayu malaya a manja aatali. Kunja ndi mmene akuvalira. N'zoteteza dzuwa."

Mayiwo anaimitsa makina. Anatenga tepi n'kuyeza kuyambira paphewa mpaka padzanja.

"Kukula kwake?"

"Akhale otakasuka, amayi. Makamaka apa." Mphezi anagwira chigongono.

Mayi anachotsa mapini pakamwa, n'kuwabaya pa kapilo mmodzimmodzi.

"Ine kiriketi sindiidziwa. Ndimangodziwa kuti imang'amba mathalauza m'mawondo. Koma nsalu ndaigwira zaka makumi awiri. Munthu akalowa pakhomo apa n'kunena kuti, 'Mayi, apa pokha mukulitse,' ndimadziwa kuti pamenepo pali nkhani. Wina ndi mimba imene makolo sanaimve. Wina ndi zipsera za mwamuna wake. Ndimasoka, poti ndi ntchito yanga, ndipo pakamwa ndimatseka. Koma sindinaonepo nsalu yochiritsa chimene yabisa. Mimba imakulabe, ndipo tsiku lake likafika, mwana salira chonong'ona. Ndiye ndikufunsa kamodzi, sindibwereza. Pansi pa nsaluyi tikubisa chiyani?"

Mphezi anayang'ana amalume ake. Iwo anali atayamba kuchita chidwi ndi denga.

"Palibe, amayi. Ndi dzuwa basi."

"Dzuwa," anatero mayiwo. "Chabwino."

Anasoka masiku awiri. Malaya oyera, osalala, ndipo paphewa anabwereza msoko kuti asatheteke poponya. Popereka sanamuyang'ane kumaso.

4. Wonyamula zipewa

Milungu yonse itatu Mphezi sanaponde kwa a Chala. Ankayeserera kuseri kwa depoti ya mabasi, amalume ake atakhala pa tayala lakutha, akutchula liwiro la mpira uliwonse ndi pakamwa. Manambalawo ankakwera tsiku lililonse.

Kutatsala tsiku limodzi, Mphezi anapita kubwalo kukatenga nsapato zake zosewerera. Anapeza a Chala atawerama, akujambula mizere yoyera ndi laimu. Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, n'kuyang'ana malayawo.

"Okongola. Amayi ako ali ndi manja."

"Ndabwerera nsapato."

"Ndaima pafupi ndi malaya oterewa kambirimbiri, mwana wanga. Amene anakulangiza anaiwala kukuuza chimodzi. Woyimbira akaona manja aatali kunja kukutentha chonchi, m'pamene amatsegula maso onse awiri. Ukapita mawa ndi mkono wapoyera, akakugwira adzati mwana ali ndi vuto, timuthandize. Ukapita ndi nsaluyi adzati ankadziwa. Vuto limachira. Koma dzina loti wonyenga ndi mafuta a galimoto pa diresi loyera. Kafunse amayi ako ngati amachoka."

Mawu amene Mphezi anatulutsa anali a amalume ake, koma pakamwa panali pake.

"Inu mwatha zaka makumi atatu mutaima padzuwa, mutanyamula zipewa za anzanu kuti iwo asewere. Ndege simunakwerepo. Mukufuna nanenso ndikalambire pakhoma ndi mpaipi kuti mukhale ndi wocheza naye. Ndi nsanje basi."

Atsikana awiri amene ankakoka ukonde wotchingira mipira anasiya, n'kuzyolika.

Laimu ankadontha pa burashi n'kumagwera pa nsapato ya a Chala.

"Ndege sindinakwerepo, n'zoona," anatero. "Zipewa ndinanyamula, n'zoonanso. Palibe chimene chinatayika." Anaweramanso. "Nsapato zako zili pa shelefu yapamwamba. Ndaikamo misomali yatsopano, ija inatha. Pothamanga usaterereke."

Mphezi anazitenga. Misomaliyo inkanyezimira. Anatuluka osatsazika.

5. Tsiku la mayeso

M'mawa mwake bwalo linadzaza. Atsikana makumi asanu ndi limodzi anafola, aliyense nambala pamsana. Poti oponya anali ambiri, anapempha abambo a timu yaikulu kuti adzamenye.

Mkulu wa ofufuzawo anali mayi wamtali wa chipewa chachikulu, wosaseka. Ankalemba m'kabuku kakang'ono, ndipo ola lisanathe atsikana anali atamutcha kale Mayi Kabuku. Pambali pake mnzake ananyamula makina oyezera liwiro, ooneka ngati choumitsira tsitsi.

Kunja kwa chingwe chozungulira bwalo kunali a Pasipoti, atavala magalasi akuda, akuuza aliyense wofuna ndi wosafuna kuti nambala 23, Mphezi, anamuphunzitsa ndi iwo kuyambira ali m'matewera. A Chala sanaoneke.

Nthawi ya Mphezi itakwana, kutsogolo kwa timitengo kunaima chibambo china chogulitsa nyama, chimene aliyense ankachitcha a Butchala. Mphezi anamanga batani la padzanja, n'kuyamba kuthamanga. Nsalu inakupiza.

Mpira woyamba makina anawerenga makilomita 112 pa ola. Wachiwiri unadutsa pamphuno pa a Butchala. Wachitatu unafika 119, ndipo kamtengo kapakati kanazuka n'kupidiguka kawiri m'malere.

Anthu anakuwa. A Butchala anayang'ana thabwa lawo ngati lawanamiza. Mnzake wa Mphezi wa pamtima, amene ankawakha mipira kumbuyo kwa timitengo ndipo ankatchedwa Magolovesi, anamukumbatira n'kumunyamula.

Mayi Kabuku sanaombe m'manja. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana malaya, n'kulemba.

Masana anatchula manambala asanu. Nambala 23 inali yoyamba.

6. M'tenti

Asanuwo anawatengera kuseri kwa bwalo kumene anakhoma tenti yaikulu yotseguka mbali imodzi. Munali makamera anayi pa miyendo yawo ndi kanema pa tebulo.

"Mwachita bwino nonse," anatero Mayi Kabuku. "Chatsala ndi chimodzi. Vulani malaya, muvale tijesi iti."

Tijesito tinalibe manja ngakhale pang'ono.

Mphezi anachedwa pomasula batani. Anapinda malaya a mayi ake bwinobwino n'kuwaika pa mpando. Wa makamera anamumata timapepala tonyezimira, kena paphewa, kena pachigongono, kena padzanja. Mkono unamva mphepo.

Anaponya woyamba mosamala, mkono uli njoo ngati uli mumpaipi. Makina anati 94. Wachiwiri 96.

"Sindinakuitanire mipira imeneyi," anatero Mayi Kabuku. "Imeneyi ndili nayo yambiri kwathu. Ndikufuna uja unazula kamtengo."

Mphezi anabwerera pamene amayambira. Anapukuta manja pa thalauza. Anathamanga, n'kuponya ndi mphamvu zake zonse. Makina anati 118.

"Bwera udzaone."

Pa kanema panali mtsikana woyenda pang'onopang'ono ngati ali m'madzi. Mkono wake unakwera, unakwera, ndipo utafika pafupi ndi khutu, chigongono chinagwada. Kenako chinadzuka, kwapu, mpira n'kutuluka. Mayi Kabuku anabwezera chithunzicho katatu.

"Lamulo limalola madigiri khumi ndi asanu, poti mkono wa munthu si chitsulo. Ako ndi makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Alipo anakuuzapo?"

"Alipo."

"Anakuuza kuti uchite chiyani?"

"Kuti ndidikire chaka chamawa."

"Ndiye malaya aja?"

Misozi ya Mphezi inagwera pa jesi ya eni ake.

Mayi Kabuku anatseka kabuku kawo. "Ndayenda mayiko ambiri chaka chino kufunafuna mtsikana woponya chonchi. M'mawa uja mtima wanga unadumpha, ndipo sudumpha kawirikawiri. Ukanabwera n'kundiuza kuti, 'Mayi, chigongono changa chili ndi vuto, tikuchikonza,' ndikanalemba dzina lako ndi pensulo n'kukudikira. Koma wafuna kundipusitsa pamaso pa atsikana makumi asanu ndi limodzi amene abwera ndi mikono yapoyera. Wina mwa iwo wabwerera kwawo chifukwa malo ake unatenga ndiwe. Ndiyenera kudziwitsa bungwe loyendetsa masewerawa. Kuyambira lero suloledwa kuponya pa mpikisano uliwonse, waukulu kapena waung'ono."

"Mpaka liti?" Mawu a Mphezi anali ngati a mwana wa zaka zisanu.

Mayiyo anatulutsa pepala. "Khomo ndi limodzi. Pakatha miyezi itatu ungathe kuyesedwanso. Koma pepalali lisainidwe ndi mphunzitsi wa satifiketi amene alonjeze kukonza mkonowo, ndipo lindipeze ndisananyamuke mawa m'mawa. Likapanda kubwera, chiletso chikhala zaka ziwiri. Wakuuza zoona uja, ali ndi satifiketi?"

"Ndi okhawo m'tauni muno."

"Ndiye uli ndi mwayi. Pita ukawapemphe."

7. Mankhwala a amalume

Mphezi anatuluka m'tenti atakumbatira malaya ndi pepala. Nkhani inali itafika kale panja, paja khoma la tenti ndi nsalu. Anthu amene anakuwa dzina lake m'mawa tsopano ankayang'ana kumbali. Wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti, "Wogenda uja," ndipo wina anamuletsa.

Magolovesi anamukokera pa benchi pamene abambo a timu yaikulu ankavulira zida zawo.

"Aphunzitsi ali kuti?" anafunsa Mphezi. "Ndikufuna asaine apa."

Magolovesi anavula golovesi imodzi, n'kuivalanso. "Sunamve? Abwera m'mamawa tisanayambe. Apereka makiyi onse kwa osamalira bwalo. Paja mwana wawo wakhala akuwaitana zaka zitatu kuti akakhale naye, iwo n'kumakana chifukwa cha ife. Lero avomera."

"Ananena chiyani?"

"Anangoti, 'Wandichotsa ntchito ndi amene ndinkamudikira.' Basi yawo inyamuka folo koloko."

Wotchi ya pakhoma la chipinda chosinthira inkati hafu pasiti firii. Mphezi anakwirira nkhope m'malaya aja n'kulira kulira kwenikweni, kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

Apo m'pamene a Pasipoti anadumpha chingwe, magalasi ali pamphumi.

"Ukulira chiyani? Pepala lomweli? Bweretsa ndisaine ine. Nkhalamba ija siyani ipite." Anatembenukira kwa Mayi Kabuku amene ankatuluka m'tenti. "Mayi, musadandaule. Ine ndasewera m'mayiko khumi ndi asanu. Zigongono zopindika ndawongola zosawerengeka."

"Tingakondwe kumva njira yanu, bambo," anatero mayiyo.

Anthu anayandikira. A Pasipoti anamwazamwaza maso pa benchi. Panali zipewa zolimba, zotchinga miyendo ndi magolovesi. Pamwamba pa chikwama china panali kachikho kapulasitiki kolimba, kobulungira ngati theka la peyala, kokhala ndi timabowo topumira. Anakatola mwaulemu ndi manja awiri.

"Aha, kodi muli nako? Ndimayesa kunja kokha. Taonani, anthu osayenda inu. Aka ndi kowongolera chigongono."

Anapinda mkono wa malaya awo n'kukavundikira pachigongono. Kanakwana ndithu. Anakamanga ndi mpango, n'kuzunguza mkono kawiri.

"Mwaona? Chigongono chikafuna kugwada chimapeza nyumba yatsekedwa. Ine ndinkagona nako. Ndipo kabwino umakadziwa ndi fungo." Anakamasula, n'kukaika pamphuno, n'kukoka mpweya wautali. "Aka n'kenikeni. Kagwira ntchito lero lomwe."

Kenako a Butchala anatsokomola.

"Akulu, kagwiradi ntchito. Ndakavula posachedwa pompa."

"Nanunso chigongono chimakuvutani?"

"Ayi. Kameneko timalowetsa m'kabudula, kutsogoloku, kuti mpira usatithere mtundu. Ndakhala nako padzuwa kuyambira eyiti koloko."

Woyamba kuphulika anali wa makamera. Kenako abambo a timu yaikulu anagwa pa udzu atagwira nthiti. Atsikana anabisana kumisana akulira ndi phwete. Ngakhale Mayi Kabuku anaphimba nkhope ndi kabuku kawo, chipewa chikunjenjemera.

"Mayiko khumi ndi asanu!" anakuwa wina. "Konseko ankanunkhiza!"

A Pasipoti anakataya kachikhoko ngati khala la moto, n'kuyamba kupukuta mphuno ndi mpango womwe anamangira uja. Atazindikira anautayanso. Powerama kuti athawire pansi pa chingwe, pasipoti inagwa n'kutseguka, ndipo mphepo inavundukula masamba ake limodzilimodzi, onse oyera ngati mkaka.

Chikhakhali chinamveka mpaka kumsewu. Mmodzi yekha ndiye sanamve mapeto ake. Pa benchi panatsala malaya oyera a manja aatali, ndipo mwini wake anali atadutsa kale pageti, mkono uli poyera, pepala lili m'manja, misomali yatsopano ikulira pa phula kulowera kudepoti.